Kalongonda wa pa Masika

Kwathu kuno ku Phalombe kalongonda timadya tonse, asakunamizeni munthu. Ngakhale aja amayenda atakwinya mphuno ngati sanamuonepo, mutawalowera kuseri kwa nyumba mwadzidzidzi mukhoza kuwapeza atazinga mbale. Koma ndi chakudya cha kuseri komweko basi. Mlendo sumuikira, ku ukwati sapita, ndipo m'tchalitchi anali asanalowemo chiyambire, mpaka chaka chija cha 1998 pamene a Belita, amake a Jenifer, anamulowetsamo.

Kuti mumvetse bwino, nkhaniyi iyambire pa chifuwa cha amuna awo.

A Stafford anali munthu wa matabwa. Ankakwera phiri m'mamawa kukasenza matabwa kwa ocheka, n'kutsika nawo pamutu, kenako n'kuwamanga pa njinga mpaka pa Migowi kwa akalipentala. Anthu ankati khosi lawo ndi la ng'ombe. Ndiye mu Disembala, mvula yobzalira itangogwa, anayamba kukhosomola. Iwo ankati ndi utuchi chabe. Koma pofika chaka chatsopano thalauza linali likuvuka lokha m'chiuno. Kuchipatala cha mishoni anawayeza n'kunena kuti ndi chifuwa chachikulu, agonekedwe miyezi iwiri akubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku.

Nanga anthu n'kungokhala chete? A Magret, amene nyumba yawo ili m'mbali mwa njira yopita kusukulu, anali atawaika kale m'manda ndi pakamwa. A Magret ndi wailesi ya m'mudzi mwathu, yosafuna mabatire. Ankanena pa mjigo atatsitsa mawu, koma mokuti aliyense amve, kuti chifuwa cha masiku ano sichiyenda chokha, ndipo munthu akaonda choncho kwatsala n'kufuna matabwa, mwayi wake ngwakuti mwiniwake ankawadziwa kogula.

A Belita anakakhala kuchipatala kudwazika. Jenifer anakamusiya kwa agogo ake ku Chiringa. Njinga inagulitsidwa koyamba, kenako mbuzi, kenako wailesi. Munda unabzalidwa inde, koma khasu silinapondemonso.

Tsiku lina masana mu Febuluwale, mvula ikugwa yosalekeza, a Belita anali m'chisakasa chophikiramo odwazika, akutakasa phala limene ankadziwa kuti silimwedwa. Linali tsiku lachitatu a Stafford akungotembenukira kukhoma akaona kapu. Utsi unali tholo, azimayi ena akukangana za mafuwa. A Belita anaphula phala lija, anatuluka n'kukagwada kuseri, pa mulu wa nkhuni zonyowa.

"Ambuye, ine sinditha kupemphera ngati a Mvano akuluakulu," anatero. "Koma mukandibwezera bambo a Jenifer akuyenda ndi miyendo yawo, tsiku la Masika ndidzabwera ndi chakumunda kwathu, ndidzaima kutsogolo, ndidzanena zikomo ndi pakamwa pangapa anthu onse akumva."

Sanauze munthu aliyense kupatula mwini matenda. Ndipo kumapeto kwa Malichi a Stafford anabweradi. Minibasi inawatsitsa pamsewu, ndipo kuchoka pamenepo kufika pakhomo anapuma katatu, koma miyendo inali yawo.

Kumunda ndiye kunali chisoni. Udzu unali utadya chilichonse. Chimanga chimene chinalimbika chinabala tizitsononkho tonga zala, ndipo anachidya chachiwisi, Meyi asanathe kunalibenso. Koma pachulu cha pakati pa munda, ndi m'malire monse, kunali kutayanga kalongonda. A Stafford ndi amene anamuponyaponya mu Disembala muja, pamene chifuwa chinkawakhazika pansi pafupipafupi ndipo analibe mphamvu yokumba mapando. Iye sanafunse feteleza, sanadikire wopalira. Anakwera udzu womwewo, anakwera mapesi, anakwera chitsa cha mtengo wa mango, n'kubala ngati watumidwa.

Paja kalongonda si nyemba wamba. Ukamuphika mothamanga amakuzunguza mutu, umasanza, ena amafika pobwebweta, ndipo mwana wamng'ono akhoza kupita nazo. Umamuwiritsa n'kutaya madzi, kumusenda, kumutsuka, kuterekanso, kutayanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amadya nkhuni ngati ng'anjo ya njerwa. Choncho a Belita anasanduka munthu wa m'phiri: mtolo umodzi wa pakhomo, wina wokagulitsa pa Migowi kuti pabwere mchere ndi kasopo. A Stafford ankadya kalongonda m'mawa, masana, madzulo, kumwera mapiritsi awo, ndipo pang'onopang'ono masaya anayamba kubwerera.

Masika anaikidwa Lamulungu loyamba la Julayi. Sabata imeneyo a Belita anayamba kuyenda ngati munthu wosenza mwala.

"Ndikapita kuphiri kawiri mawa ndi mkuja, ndikhoza kupeza kachitini ka chimanga pa msika," anauza amuna awo. "Ndikaike m'dengu. Ndani adziwe?"

A Stafford anali pa mkeka akusema mpini wa khasu, pang'onopang'ono poti mpweya unali usanabwerere wonse.

"Munati chakumunda kwathu kapena cha pa Migowi?"

"Kumunda kwathu kuli chiyani?"

"Chimene chilikocho."

"Bambo a Jenifer, mukufuna ndikasekedwe ndi tchalitchi chonse?"

"Ine sindinawinde, make Jenifer. Ndinali gone. Munakambirana awiri, mukambiranenso awiri."

Lamulungu lija kunacha ndi chiperoni, phiri losaoneka n'komwe. A Stafford sakanatha kutuluka m'kuzizira koteroko. A Belita anasankha kalongonda wouma, wamaso abwino, anadzaza dengu lawo limodzi lomwelo, lija anasoka chigamba cha chitenje chobiriwira pamene makoswe analiboola, n'kuphimba ndi masamba a nthochi. Ananyamuka belu loyamba lisanalire. M'tchalitchi munali mulibe munthu. Anakankhira dengu lija pansi pa tebulo lakutsogolo, kenako anakakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Masika a kwathu mumawadziwa. Amaitana mudzi ndi mudzi, ndipo anthu amapita kutsogolo akuimba, katundu pamutu. Matumba a chimanga, mpunga wa kuchigwa, mitolo ya mizimbe, mtedza, nkhuku zomangidwa miyendo zikulira pakati pa nyimbo. A Magret analowa ndi thumba lonyamulitsa anthu awiri, iwo pambuyo akugwira kangodya kake kuti pasakhale wokayika mwini wake. Katundu anaunjikana mpaka dengu la a Belita linabisika.

Kenako a Makina, mkulu wa mpingo, anaimirira.

"Alipo amene anawinda chaka chino? Nthawi yake ndi ino."

Mayi wina anapita kukathokoza kuti wabereka bwino patatha zaka zisanu. Bambo wina anathokoza kuti mwana wake wasankhidwa kupita ku sekondale. A Belita anagwira benchi ndi manja onse kuti adzuke. Mtima unkati dzuka, miyendo inkati ukaloza chiyani? Anthu akathokoza amaloza thumba lawo kapena nkhuku yawo. Iwo akasuntha matumba a anzawo n'kutulutsa kalongonda?

"Palibenso?" anafunsa a Makina, akuyang'ana uku ndi uku.

Nkhuku imodzi inakupiza mapiko.

"Tiyeni tipemphere."

Mapemphero atatha, katundu yense anatulutsidwa panja pansi pa mtengo wa mango kuti agulitsidwe, ndalama zake zithandize mpingo. Wogulitsa amakhala a Makina omwewo, ndipo anthu sachoka msanga chifukwa bambo aja pakamwa pawo pali nthabwala. Nkhuku yowonda amaitcha ya pa Lenti. Mzimbe wokhota amati unabadwa ukugwada. Anagulitsa, anagulitsa, mpaka anafika pa dengu la masamba a nthochi.

Anavundukula. Anayang'ana. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Abale, uyu walowa bwanji m'tchalitchi asanabatizidwe?"

Ananyamula dzanja limodzi la kalongonda n'kumuyoyolera m'dengu momwemo kuti onse aone. Anthu anaseka mpaka azimayi ena kugwirana mapewa. A Belita anali ataima kumbuyo, ndipo nawonso anaonetsa mano kuti asadziwike.

"Mwini wake ndani, timuthokoze?"

Palibe anayankha.

"Chigamba icho ine ndinachionapo penapake," anatero a Magret, amene sindikudziwa anafika nthawi yanji pambali pa a Belita. "Dikirani, chindibwerera."

A Makina anafunsa wogula. Ndani akanakweza dzanja pamaso pa anthu, pamene aliyense ali naye wake kuseri? Koma dzanja linakwera. Anali madamu Temwa, mphunzitsi watsopano wa Sitandade 3, amene boma linawatumiza kuchokera ku Rumphi chaka chomwecho. Ankakhala kunyumba za aphunzitsi ndi ana awo awiri aang'ono, amuna awo ali pantchito ku Zomba. Anali munthu wofatsa, wa Chichewa chodumphadumpha, ndipo ankaoneka kuti akufunitsitsa kukhala mmodzi wa ife.

"Madamu, mumamudziwa ameneyu?" anafunsa a Makina.

"Kwathu ziliko," anayankha madamu. "Nyemba zikuluzikulu."

"Mwamva? Madamu asanduka a konkuno. Tengani ndi dengu lomwe. Mwini dengu, poti ngwamanyazi, akalitenge yekha kwa madamu."

Anthu anasekanso n'kuyamba kubalalika. Madamu anasenza dengu, ndipo podutsa pafupi ndi a Belita anauza ana awo kuti, "Tikangofika titereke. Lero tidya nyemba za tomato."

A Belita anamva bwinobwino. Anatsegula pakamwa. Koma a Magret anali pomwepo, maso ali pa chigamba, ndipo a Belita anaona kuti akangoyankhula liwu limodzi lokhudza dengu lija, chimene chinkawavuta a Magret kukumbukira chibwerera nthawi yomweyo. Anatseka pakamwa. Wina awauza, anadziuza choncho. Tchalitchi chonsechi, palibe amene sadziwa kaphikidwe ka kalongonda. Vuto lake linali lomwelo: poti aliyense amadziwa, palibe anaganiza kuti pali munthu wamkulu, wophunzitsa ana, amene sadziwa.

Pofika kunyumba chiperoni chinali chitayamba kuyera. A Stafford anali atakokera mkeka pa kadzuwa, atafunda bulangete.

"Mwabwera wopanda dengu. Ndiye kuti alandira."

"Alandira."

"Mwati chiyani kutsogolo kuja? Tandiuzeni, poti nkhani yake ndine."

A Belita anakhala pansi n'kuyamba kumasula mpango, kuumanganso, kuumasulanso. Ndi munthu amene anamutawasa miyezi iwiri, kunama kumavuta. Anafotokoza zonse: za pansi pa tebulo, za benchi, za nthabwala ya a Makina, mpaka mawu a madamu kwa ana awo.

A Stafford sanakalipe. Za ubatizo anasekako pang'ono mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anafunsa, "Madamuwo ana awo ndi angati?"

"Awiri."

"Aakulu bwanji?"

"Wamkulu ngati Jenifer. Winayo ngwamng'ono."

"Wina wawauza?"

"Ayenera kuti wina wawauza."

"Mwamuona akuwauza?"

A Stafford anayang'ana dzuwa, kenako anayamba kufufuza ndodo yawo pansi pa mkeka. Anaitsamira, anadzutsa bondo limodzi, kenako linalo.

"Mukupita kuti?"

"Kusukulu. Ndinabzala ndine, manyazi ake ndilibe. Ndikapuma kanayi ndifika."

"Khalani pansi, bambo a Jenifer."

"Mphika sudikira."

"Ndati khalani pansi."

A Belita anawafunditsanso bulangete lija, anamanga chitenje molimba n'kunyamuka.

Kupita kunyumba za aphunzitsi pali njira ziwiri. Ina imazungulira kudambo, yaitali koma yopanda maso. Ina ndi yachidule, ndipo imadutsa pakhonde penipeni pa a Magret. A Belita anaima pamphambano kanthawi. Anawerengera m'mutu: kuyenda kwa madamu ndi ana, kukoleza moto, kuwira kwa mphika. Anatenga yachidule.

A Magret anali atakhala pakhonde, asanavule n'zovala za kutchalitchi zomwe, akutongola chimanga chimene sichinkafunika kutongoledwa tsiku la Mulungu. Anali atayang'anitsa mpando kunjira. Chimene ankadikira aliyense akanachidziwa.

"Make Jenifer, ulendo wa kuti dzuwa lino? Odwala ali bwanji?"

"Aliko bwino."

"Kusukulu kulibe maphunziro lero. Kapena kuli kadengu kanu?"

Ananena moseka, mongoponya mbedza. A Belita akanatha kunena kuti akupita kukabwereka moto. Koma anali atatopa.

"Eya, ndi langa. Kalongondanso ngwanga. Ndipo madamu akumuphika ngati nyemba, akuti adye ndi ana masana ano."

Nkhani imene a Magret anaidikira maola awiri inawapeza, koma sanailawe n'komwe. Chitsononkho chinagwa m'manja.

"Mwati ngati nyemba? Si anati kwawo ziliko?"

"Sizimenezi."

"Ndi tiana tija?"

A Magret ndi munthu wathupi, koma tsiku limenelo anatsogola ndi iwo, nsapato m'manja.

Anawapeza madamu kuseri, kukhitchini. Tomato ndi anyezi zinali zitakazingidwa kale m'kapoto pambali. Ana anali atakhala pa khonde, aliyense ndi kambale kake. Mphika waukulu unali ukubwadamuka pamafuwa.

"Odi, madamu."

"Lowani, amama. Mwafika bwino, mundithandize. Nyemba zanu za kuno n'zouma mutu. Madzi ada bii, koma kufewa ayi. Ndati mwina ndingothira tomato, ana anjala."

"Mwadyako?" anafunsa a Belita.

"Ndinalawa imodzi, ndalavula."

"Anawa?"

"Ayi, akudikira."

A Belita anagwira mphika ndi nsonga za chitenje, anapita nawo kudzala n'kutsanula madzi akuda aja kutali ndi nkhuku. Atabwerera anafotokoza, mosathamanga, chimene kalongonda amachita kwa munthu womuphika mwachidule. Madamu anamvetsera ataima. Kenako anakhala pansi, pa dothi pomwepo ndi diresi ya kutchalitchi, n'kukokera ana onse awiri pamiyendo.

"Nanga inu madamu, osafunsa bwanji?" anatero a Magret, akupumira m'mwamba. "Munthu wa sukulu."

"A Makina atandifunsa, nonse munali mukuseka," anayankha madamu motsitsa. "Sindinadziwe chimene mukuseka. Ndinati ndikanena kuti sindizidziwa, musekanso ine."

A Belita anayang'ana pansi. Mawu amenewo anawalowa ngati munga, poti anali awo omwe.

"Dengu lija ndi langa, madamu," anatero. "Ndinakumvani kutchalitchi komwe kuja mukuuza anawa. Ndinangokhala chete. Mundikhululukire."

"Koma mwabwera," anatero madamu.

A Magret anapita kwawo n'kubwera ndi mbatata, ndipo ana anadya mbatata ya tomato. Kalongonda uja anamusenda, kumutsuka n'kumuviika m'ndowa. Mawa lake linali tchuthi cha 6 Julayi, ndiye anapangana kuti amuphike bwinobwino, madamu aone ndi maso.

Lolemba a Belita anafika ndi mtolo wa nkhuni pamutu. A Magret anafikanso, osaitanidwa, ati kudzaona ngati ana agona bwino. Anatereka. Madzi akada, kutaya. Kuthira ena, kusonkhezera. Madamu anatenga kope n'kumalemba, mpaka a Magret anawaseka kuti kalongonda sakhoza mayeso a pa pepala, amaonedwa ndi maso, madzi akayera ndiye kuti ukali watha. Kuphika kwa tsiku lonse kumafuna nkhani, ndipo nkhani za a Magret zitatha, zomwe sizichitikachitika, madamu anafunsa:

"Koma amama, ngati anthu amamuseka chonchi, munamubweretseranji kutchalitchi?"

A Belita anasonkheza chikuni. Ndiye anayamba. Ananena za chisakasa cha odwazika, za phala la masiku atatu, za mulu wa nkhuni zonyowa ndi mawu amene ananena atagwada. Ananena za njinga, za mbuzi, za Jenifer amene ali ku Chiringa chifukwa pakhomo panalibe chomudyetsa. Ananena za munda umene sanaupalire ngakhale mzere umodzi.

"Nanga chimanga chitatha mwakhala mukudya chiyani?" anafunsa a Magret.

"Ameneyu."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse. Masaya mukuwaona pa bambo a Jenifer ndi ameneyu."

A Magret anatenga chikuni n'kumakonza moto umene unali bwinobwino. Patapita nthawi anati, "Utsi ndinkauona tsiku lonse pakhomo panu. Ndinkati mwayamba kutcheza kachasu."

"Munauzako anthu angati?"

"Ochepa."

Anaseka onse atatu, a Belita mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafune kusiya msanga. Madamu anangowagwira dzanja.

Dzuwa litapendekera kuphiri la Michesi madzi anayera. A Belita anathira mchere, analawa okha koyamba, anadikira pang'ono monga amachitira, kenako anapakula. Madamu anadya n'kunena kuti akukoma ngati mtedza wophika. Ana anapempha wina. A Magret anati iwo kalongonda sakonda kwenikweni, ndipo anamaliza mbale ziwiri.

Potsanzikana madamu anatulutsa dengu lija. Munali ufa ndi kapepala ka shuga.

"Ayi madamu, munagula kale kutchalitchi."

"Kwathu dengu silibwerera lopanda kanthu. Kapena kuno limabwerera?"

"Kunonso silibwerera," anayankha a Magret m'malo mwawo. "Senzani, make Jenifer, musatichedwetse."

Pofika Lachitatu mudzi wonse unali utadziwa mwini dengu, nanga wailesi ija inazima? Koma a Belita anapeza kuti sizikuwawawa monga ankaganizira. Chimene chinkawawawa chinali china. Nkhani yawo anali ataiuza madamu, anali ataiuza a Magret, koma amene anapangana naye kuseri kwa chisakasa anali asanamve zikomo wake pamalo pamene anamulonjeza.

Lamulungu lotsatira kunacha kowala. A Stafford anavala jekete lawo, limene tsopano linkangotsala pang'ono kuwakwana, n'kutenga ndodo. Panjira anapuma kawiri. Anthu atawaona akulowa anatembenuka mabenchi onse, poti ena anali asanawaone chichokereni kuchipatala. A Belita anali atalankhula kale ndi a Makina panja, ndipo zolengeza zitatha a Makina anati, "Pali mayi wathu amene Masika anamupitirira. Akuti ngakhale mochedwa, alandiridwe."

A Belita anadzuka. M'manja munali dengu la chigamba chobiriwira, lopanda kanthu. Mawu amene anakonza sabata yonse akutola nkhuni anathawa onse atangoona nkhope za anthu.

"Dengu lija linali ili," anatero. "Ndinawinda kuchipatala kuti bambo a Jenifer akabwera ndi miyendo yawo ndidzathokoza pano ndi chakumunda kwathu. Awo akhala apowo, abwera okha. Munda sitinapalire, koma tadya mpaka lero. Chimene Mulungu anatipatsa ndi chomwe chija munachiona. Ndinachita nacho manyazi, ndipo manyazi angawo akanapweteka ana a eni. Ndiye ndati ndinene. Zikomo, Ambuye. Basi."

Anaima pang'ono ngati pali china, koma panalibe. Kenako gogo wina wa kumbali ya azimayi anayambitsa nyimbo, motsitsa, ena n'kulandira.

A Makina anadikira nyimbo ithe. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Sabata yatha ndinafunsa kuti mlendo uja walowa bwanji asanabatizidwe. Ndamva kuti madzi anamuthira kasanu konse kwa madamu. Ndabweza mawu anga."

Anthu anaseka, ndipo ulendo uno a Belita anaseka nawo zenizeni.

Pobwerera a Stafford anapuma kamodzi kokha, pa mwala wa pamphambano. Munthu wina anadutsa pa njinga imene kale inali yawo, atamanga matabwa kumbuyo, n'kuwapatsa moni. A Stafford anayankha, anaiyang'ana mpaka inakhota.

"Tcheni chake sakuthira mafuta," anatero.

"Musiyeni. Nandolo akacha tikamutenge Jenifer."

"Tikamutenge."

Anadzuka n'kupitiriza, a Belita patsogolo ndi dengu pamutu.

Za tsiku lija la mphika, mukawafunsa a Magret lero amakuuzani kuti chigamba anachizindikira pomwe a Makina anangovundukula, ndipo kuti ana a madamu anawapulumutsa ndi iwo, poti anafika ndi iwo koyamba pakhomo. A Belita akamva amangoti, "Anathamangadi," n'kupitiriza kusenda kalongonda wawo, amene masiku ano amasendera pakhonde lakumaso.